Mwana wanga akuti mwana wa mfumu sakhala wakuda: kodi ndiletse makatuni?

Funso lachokera kwa mayi wa ana awiri. Mtsikana wawo wa zaka 7 anakana kukhala mwana wa mfumu pa masewero, akuti ana a mfumu amakhala oyera, atsitsi lofika kumsana. Mchimwene wake wa zaka 9 akuti ndege amayendetsa ndi amuna basi. Onse awiri amaonera makatuni tsiku lililonse. Mayiwo akufunsa ngati angoletseratu.

Mayi, musaletse. Mukaletsa azikaonera kwa anzawo, kumene kulibe wamkulu wowafunsa kanthu. Koma musazitengenso ngati zachibwana. Nkhaniyi ikukhudza sukulu ndi ntchito, chifukwa mwana salakalaka ntchito imene sanaonepo munthu wofanana naye akuigwira. Wofufuza wina, David Chambers, anapempha ana pafupifupi 5,000 kuti ajambule munthu wasayansi. Pa zimene anafalitsa mu 1983, ana 28 okha ndiwo anajambula mkazi, ndipo onsewo anali atsikana. Anali ana aang'ono, amsinkhu wa ana anuwa. Mtsikana amene amathawa Physics akafika Fomu 3 nthawi zambiri anayamba kalekale kuganiza kuti zimenezo si zake.

Ngakhale eni ake makatuniwa anavomera kuti vuto lilipo. Mu 2020 kampani ya Disney inaika chenjezo kumayambiriro kwa mafilimu ake ena akale lonena kuti muli zonyoza mitundu ya anthu, ndipo mu 2021 inachotsa ena mwa mafilimuwo pa gawo la ana aang'ono la Disney+, malo ake oonetserapo mafilimu pa intaneti. Mu Dumbo ya 1941 muli akhwangwala amene amalankhula motsanzira anthu akuda a ku America mowaseka. Peter Pan ya 1953 imanyoza eni nthaka a ku America. Mu Aladdin ya 1992, mnyamata wabwinoyo amalankhula Chingerezi chosalala cha ku America, pamene asilikali ankhanza ndi amalonda ali ndi mphuno zazikulu ndi lilime lolemera. Aluya a ku America atadandaula, mawu ena a nyimbo yoyamba anasinthidwa mu 1993. Ndipo kuchokera pa Snow White ya 1937 panadutsa zaka 72 kuti Disney apange mwana wa mfumu wakuda, Tiana, mu 2009. Chopweteka n'chakuti mbali yaikulu ya filimuyo mtsikanayo amakhala chule. Mwana wanu sananame. Wanena zimene maso ake aona mobwerezabwereza.

Ndiye chitani izi. Sankhani katuni imodzi imene anawo amaikonda kwambiri, mukhale nawo pansi, muonere limodzi kwa mphindi 20, muli ndi pepala ndi cholembera. Ikani kamzere nthawi iliyonse mwamuna akalankhula, kamzere kena mkazi akalankhula. Lembani amene wathetsa vuto, ndi amene wangodikira kupulumutsidwa. Lembani ntchito ya aliyense: ndani akukonza makina, ndani akuphika, ndani akulamula. Pomaliza yang'anitsitsani munthu woipa wa m'nkhanimo, khungu lake, thupi lake ndi kalankhulidwe kake. Mbali yowerengayi mupatseni mnyamatayo. Wa zaka 9 amakonda kugwira zinthu yekha, ndipo chimene wachipeza yekha sachiiwala.

Katuni ikatha funsani mafunso awiri kapena atatu okha, ofunika kuganiza. "Bwanji mtsikana uja sanatsegule yekha chitseko?" "Akanakhala ndi tsitsi ngati lako, nkhani ikanasintha pati?" Akayankha zimene simukugwirizana nazo, musamudule. Funsaninso kuti waona pati zimenezo.

Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya. Ena amaimitsa katuni pakati n'kuyamba kulalikira, ndipo mwana amangophunzira kuti kuonera ndi mayi n'kotopetsa. Ena amatembenuza chipongwecho, n'kumati oyera khungu ndi onyada kapena oipa. Pamenepo mwana waphunzirabe kuweruza munthu poona khungu, ndipo mawa akazinena kwa mnzake wa m'kalasi woyererako kapena wachialubino. Enanso amaganiza kuti katuni yatsopano ndiye yabwino, koma mtsikana akhoza kunyamula lupanga n'kukhalabe yekhayekha pakati pa amuna khumi, ali ndi chiuno ngati cha mavu. Pepala lija liziyenda pa zatsopano zomwe.

Palinso china chimene sichili pa TV. Ngati mtsikana akutsuka mbale pamene mnyamata wagwira rimoti, ngati azakhali akafika amati "koma mwanayu wayera bwino", ngati pawindo pali botolo la mafuta oyeretsa khungu, ndiye kuti katuni ikungotsimikizira zimene mwana akumva pakhomo. Mawu a azakhali amalemera kuposa a filimu. Gawani ntchito zapakhomo mosinthana sabata ndi sabata, ndipo muuze abale kuti pamaso pa ana asamayamikire khungu.

Kenako onjezani zoonera zina, osangochotsa. Katuni ya Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023, anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Nkhani yake ndi ya atsikana anayi akusukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka, ndipo olemba ake ndi akazi a mu Africa muno. Mtsikana wanu akaona atsikana akuda ali patsogolo pa nkhani, muuzeninso kuti anaiganiza ndi mkazi wa dziko loyandikana ndi lathu, ndipo kulemba ndi kujambula makatuni ndi ntchito imene anthu amalipidwa. Akayamba kujambula m'makope, musamukalipire, mugulireni kope lakelake.

Mnyamatayo muonetseni chithunzi cha Yolanda Kaunda, mkazi woyamba m'Malawi kukhala kaputeni wa ndege, atavala yunifolomu yake. Ndipo ngati kwanuko kuli mayi wokonza magetsi kapena bambo amene ndi namwino, apempheni acheze ndi anawo kwa kanthawi, ana awafunse okha mafunso ndi kugwira zipangizo zawo.