Mwanayo apite, koma ndalamazo imani nazo kaye

Eee mayi inu, ndawerenga za mtsikana wanu wasankhidwa badminton uja mpaka thupi lachita tsembwe. Ndalama akuti mupereke za thiransipoti ndi zipangizozo, imani nazo kaye. Ine zinandionekera ndili Folomu 3, mpaka lero ndikamva shuttle, kampira ka badminton kaja, ikulira pa raketi m'mimba mumatentha.

Ife tinkasewera kuseri kwa sukulu ku Ngabu, pa dothi. Mizere timalemba ndi phulusa, neti inali ukonde wakale wa asodzi womanga pa mitengo iwiri. Timayamba 5 koloko m'mawa mphepo isanadzuke, chifukwa ikangoyamba kuwomba shuttle imapita kwa eni ake, ndipo nonse mukudziwa kuti kuno dzuwa likakwera dothi limaotcha ngati chiwaya. Shuttle inali imodzi, ya pulasitiki yachikasu, yosokedwasokedwa ndi ulusi. Aphunzitsi amene ankatiphunzitsa analibe vuto, Mulungu awadalitse. Vuto linali bwana wina amene anapatsidwa kuti atsogolere gulu lonse popita ku Blantyre, kumene kunali mipikisano ya masewera osiyanasiyana, mpira wamiyendo, wamanja, kuthamanga, ife a badminton tili kumapeto ngati mchira. Anati aliyense asonkhe, akagula maraketi apadera ndi nsapato. Bambo anga anagulitsa mbuzi. Mbuzi yabere, mayi.

Anyamata a mpira anakwera minibasi, ife pa lole pamodzi ndi matumba a ufa. Kuwoloka Shire pa Chikwawa, kuyamba kukwera phiri pa Thabwa, theka la ife tikusanza m'makona muja. Kufika kumtunda kuzizira kwa June, ine mwana wa kuchigwa ndili ndi chitenje chimodzi basi. Tinagona pa simenti m'kalasi. Abwana aja anati akukaona za mapepala, osabweranso usiku wonse.

M'mawa kulowa mu holo, oyimbira angoyang'ana kumapazi kwanga n'kupukusa mutu. Nsapato za pansi pakuda salola chifukwa zimasiya zipsera pa bwalo. Nsapato tinasonkhera zija zili kuti? Palibe akudziwa. Anandibwereka mtsikana wina wa ku Zomba amene anali atatuluka kale, zazikulu, ndinachita kutsendera nyuzi kutsogolo. Kenako andipatsa shuttle ya nthenga, koyamba m'moyo wanga kuigwira. Nthenga 16, kulemera kwake magalamu 5 okha, ndipo siuluka ngati ya pulasitiki: imachoka mwaliwiro kenako n'kugwa chotsika ngati yawomberedwa. China chimene palibe anatiuza, kuno kuchigwa tili pansi kwenikweni, Blantyre ili pamwamba mamita oposa 1,000, mpweya wake ndi wopepuka. Ndikamenya mmene ndinazolowera, shuttle imakatera kunja kwa mzere. Sevisi nayo akuti fault, fault, ati ndikumenyera pamwamba pa chiuno. Gemu yoyamba ndinagonja 21-6. Anthu akuseka, wina kumbuyo n'kukuwa kuti a ku Nsanje abwerere akakumbe nyika. Sindine wa ku Nsanje n'komwe, koma zinandilasa.

Yachiwiri ndinaluma mano, ndinasiya zomenya mwamphamvu n'kuyamba kumuponyera pafupi ndi neti. Mtsikana wa m'tauni uja anayamba kupuma ngati galu wa m'chilimwe, ine kutopa ndikudziwa kwa kumunda wa thonje. Ndinatenga 21-18. Yachitatu tinasinthana mbali pa 11 ndili patsogolo. Holo yonse inabwera ku bwalo lathu, ngakhale oseka aja. Pa 19-17, ine ndikutsogola, ndinalumpha kuti ndimalize, ndinangomva kuti thaa! Chingwe cha raketi chaduka pakati penipeni. Ndinatembenuka kuyang'ana pa benchi pathu. Panali botolo langa la madzi ndi chitenje chija. Chikwama cha maraketi palibe, abwana palibe. Anzanga awiri anali akusewera pa bwalo lina ndi maraketi awo, aphunzitsi athu anatsala ku Ngabu chifukwa dzina lawo analichotsa pa mndandanda wa opita. Oyimbira akuti sewerani, masewerawa sayima. Manyazi anandigwira, pakamwa panauma, sindinathe n'kupempha komwe kwa anthu osawadziwa. Ndinasewera ndi raketi yobooka. Mpira wotsatira shuttle inakodwa m'zingwe n'kukhala pomwepo ngati mbalame pa ulimbo, ine nditaimika raketi m'mwamba, holo yonse ili chete. 19-19. Ziwiri zotsalazo sindikumbuka bwino, maso anali atadzaza misozi. 21-19.

Ndinakalira ku chimbudzi mpaka mwini nsapato anabwera kudzagogoda kuti akufuna azipita.

Abwana aja tinawapeza madzulo ku bwalo la mpira, atakhala pafupi ndi alendo olemekezeka, chipisi m'manja, fungo la mowa lili guu. Nditawafunsa za maraketi anandiyankha kuti, "Iwe, masewera a azungu amenewa ukufuna upite nawo kuti?" Munthu wamkulu, wa ana ake. Risiti sanaonetse, ndalama sizinabwerere, ndipo chaka chotsatira anatsogoleranso gulu. Anthu oterewa ndi amene apha masewera kuno kuchigwa, osati kutentha ayi. Amakonda alawansi, mwana amangokhala chiphaso chokatengera ndalama. Ndipo masewera akuwanyozawo ali ku Olympics kuyambira 1992 ku Barcelona, ku African Games analowa 2003 ku Abuja, ku Accra mu 2024 anthu anapachikidwa mamendulo a badminton yomweyi. Iwo akuti ya azungu.

Nditafika kunyumba bambo anangofunsa kuti, "Nanga mbuzi yanga yawina?" Anaseka, koma ine sindinagwirenso raketi kuchokera tsiku limenelo.

Ndiye mwanayo apite, musamuletse, mwayi wotere kuno subwera kawiri. Ndalama musapereke m'manja mwa munthu, gulani nokha zinthuzo ngakhale pa kaunjika ku Nchalo kapena ku Limbe: nsapato za pansi poyera kapena pa mtundu wa uchi, juzi yokhuthala, ndi maraketi awiri, awiri ndithu, ngakhale inayo ikhale yotchipa. Koma musakangane nawonso akuluakuluwo, mukalimba mutu dzina la mwana limasowa pa mndandanda usiku umodzi. Akaumirira apatseni kangachepe pamaso pa aphunzitsi, mungotaya basi. Ayeserere shuttle ya nthenga asananyamuke, ngakhale imodzi yokha, ndipo sevisi masiku ano lamulo ndi lakuti shuttle ikhale pansi pa mita 1.15 pomenya, muyezereni pa khoma mulembe ndi khala. Ngati amasewera panja, kuli shuttle ina yotchedwa AirShuttle imene anaitulutsa 2019 yopirira mphepo, koma asaizolowere kwambiri, mu holo sagwiritsa imeneyo.

Amavala saizi yanji? Ndili ndi nsapato za saizi 5 zimene ndinagula nditayamba ntchito, sindikudziwa kuti ndinkaguliranji, zangokhala m'katoni. Ndilembereni ku inbox, Loweruka ndidutsa pa Dyeratu.