Kuyankha achemwali amene afunsa za net force

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati bokosi la makilogalamu 10 likukankhidwa ndi 50 N (N ndi newton, muyeso wa force) kupita kumanja, friction (kukhulana kwa bokosi ndi pansi) ndi 20 N, inu mwapeza 70 N koma aphunzitsi achonga 30 N. Mwafunsanso kuti zimatheka bwanji minibasi ili pa liwiro koma n'kumati net force ndi ziro. Mafunso awiriwa muzu wake ndi umodzi, ndipo ana ambiri okonzekera MSCE amapunthwa pomwepa, choncho musataye mtima.

Mawu akuti mphamvu ndi amene amayamba kutisokoneza. Timati mphamvu ya magetsi, mphamvu za mlimi, mphamvu ya injini, pomwe mu Physics force, energy ndi power ndi zinthu zitatu zosiyana. Force ndi kukankha kapena kukoka basi, ndipo nthawi zonse imakhala ndi kumene ikuloza. Net force, imene ena amaitcha resultant force, ndi imene imatsala zokankha ndi zokoka zonse zikakumana pa chinthu chimodzi. Pa bokosi lanu, 50 N ikuloza kumanja. Friction imalimbana ndi kukhwekhwereka kwa bokosilo, ndiye ikuloza kumanzere. 50 − 20 = 30 N kumanja. Mukanaphatikiza zikanakhala kuti zonse zikupita kumodzi, monga ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Kulemera kwa bokosi kukulikokera pansi, pansipo pakulikankhira m'mwamba mofanana, zimenezo zathana zokha. Mukafuna acceleration, kutanthauza mmene liwiro likusinthira, gwiritsani ntchito F = ma (F ndi net force, m ndi makilogalamu a chinthucho, a ndi acceleration), lamulo lachiwiri la Isaac Newton lomwe linasindikizidwa mu 1687: 30 ÷ 10 = 3 m/s².

Tsono za minibasi zija, tiyeni tiyambe tapita kuchitsime, chifukwa kumeneko thupi lenilenilo limamva. Chidebe cha malita 20 chadzaza pansi m'chitsime. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye tingoti makilogalamu 20, kulemera kwa chidebe chopanda kanthu tikusiye. Dziko likuchikokera pansi ndi 20 × 10 = 200 N. 10 ameneyu ndi g, kukoka kwa dziko pa kilogalamu iliyonse. Nambala yeniyeni ya g ndi pafupifupi 9.8, koma funso likati mutenge 10, tengani 10. Poyamba mumakoka mwamphamvu kuti chidebe chinyamuke, tinene 230 N. Zotsala ndi 30 N m'mwamba, chidebe chiyamba kukwera ndi 1.5 m/s². Chikangoyamba kuyenda, mumakoka dzanja ili, dzanja ilo, mosathamanga komanso mosachedwa. Pamenepo mukukoka ndi 200 N ndendende. Chingwe chikuwotcha m'zikhatho, msana ukuwawa, madzi akudontha kubwerera m'chitsime, chidebe chikukwera ndithu, koma net force ndi ziro.

Apa ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse. Net force siiyendetsa chinthu ayi, imasintha kayendedwe kake: kuwonjezera liwiro, kulichepetsa, kapena kuchikhotetsa. Minibasi ili pa msewu wa M1, pamalo owongoka, singano yaima pa 80. Injini ikugwira ntchito, mafuta akutha, koma kukankha kwake konse kukungofanana ndi mphepo yomenya kutsogolo ndi friction. Dalaivala akachotsa phazi pa mafuta, zobweza kumbuyo zimatsala zokha, net force yaloza kumbuyo, galimoto iyamba kufooka. Ine ndimaona kuti tikanamayamba ndi chitsanzo chotere tisanalembe fomula pa bolodi, ana ambiri akanasiya kuloweza zinthu zimene sakuzimvetsa.

Pali mtundu winanso wa funso umene muyenera kuuyembekezera. Munthu akuwoloka Shire pa bwato, akupalasa ndi 40 N kulunjika tsidya, madzi akukankha bwatolo ndi 30 N kutsikira kumunsi. Apa simuphatikiza kapena kuchotsera, chifukwa ma force awiriwa apanga ngodya ya madigiri 90. Tengani Pythagoras: 40² + 30² = 1600 + 900 = 2500, square root yake ndi 50 N, yoloza mopendekera kumunsi. N'chifukwa chake wodziwa mtsinje amalozetsa bwato chakumtunda pang'ono kuti akafike pa doko limene akufuna.

Musamayambe ndi manambala. Jambulani kabokosi, ikani muvi pa force iliyonse, sankhani mbali imene muitenge ngati ya plus, kenako werengerani. Makilogalamu asalowe m'gulu la ma newton, ndipo pa yankho muzilemba N komanso kumene ikuloza.

Yesani ili: ngolo ya chimanga ndi makilogalamu 400, ng'ombe iliyonse mwa ziwirizo ikukoka ndi 350 N, friction ndi 500 N. Pezani net force ndi acceleration, mulembe pansipa pamodzi ndi njira imene mwadutsa, ndidzaona madzulo ndikaweruka.