Inde mayi, Joseph Jacobs wa tinkhumba titatu ndi yemweyo

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo anabwera ndi kabuku ka nthano ya tinkhumba titatu kolembedwa dzina loti Joseph Jacobs, koma atasaka pa intaneti akungopeza katswiri wa mbiri ya Ayuda. Ndiye akufunsa, ndi munthu mmodzi kapena maina angofanana?

Ndi yemweyo mayi, ndipo ine bambo ameneyu ndimamupatsa ulemu heve.

Anabadwira ku Sydney mu 1854 m'banja la Chiyuda, sukulu anakamalizira ku Cambridge, kenako mu 1877 anapita ku Berlin kukaphunzira kwa Moritz Steinschneider, kadaulo wa mabuku akale a Chiheberi. Dzina lake linamveka mu 1882. Nthawi imeneyo ku Russia Ayuda ankamenyedwa, kuphedwa, nyumba kuwotchedwa, iye nkulemba zonsezo mu nyuzi ya The Times mpaka anthu a ku London anasonkhana ku Mansion House, nyumba ya meya wa mzindawo, nkuyamba kusonkha ndalama zothandizira othawa.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse ku England mu 1290, ndiye tangoganizani, anthu achoka, manda awo aiwalika, otsala owakumbukira ndi omwe anawathamangitsa aja. Jacobs anakafukula mapepala akale a misonkho, a ngongole, a milandu, ena a Chilatini ena a Chiheberi, nkuwamasulira limodzilimodzi mpaka kutulutsa buku la The Jews of Angevin England mu 1893, momwe mulinso za ku York mu 1190, pamene Ayuda pafupifupi 150 anathera mu linga la mfumu atazingidwa ndi gulu lolusa. Ntchito yotopetsa, yosapatsa dzina msanga, koma anaigwira.

Nthano nazo anazitenga chimodzimodzi. Sanazipeke ayi. Mu English Fairy Tales ya 1890 anatolera zomwe zinali mbwee m'mabuku akale ndi m'kamwa mwa anthu, ndipo kumapeto analemba komwe nthano iliyonse anaipeza, ndi ina yofanana nayo kumaiko ena. Ya Jack ndi mtengo wa nyemba ija ananena yekha kuti anaimva ku Australia cha m'ma 1860, ali kamwana. Ya tinkhumbayo, mwa iye mmbulu umadyadi tinkhumba tiwiri toyamba, kenako umalowera pa chumuni nkugwera mumphika wa madzi owira, kankhumba kachitatu nkuvundikira, kuuphika nkuudya madzulo omwewo. Ngati mukabuku kanu tonse tinapulumuka, ena anachita kufewetsa pambuyo pake.

Panali omudzudzula kuti amakonza mawu a nthano mmalo mozisiya momwe anazipezera. Apa ine ndili mbali yake. Iye ankafuna zizimveka ngati mmene mlezi wachikulire amakambira kwa ana, ndipo aliyense amene anayankhapo "tili tonse" pamoto akudziwa kuti nthano yosakoma m'khutu ana amaigonera. Komanso samabisa, pomwe wasintha amanena.

Mu 1900 anasamukira ku New York kukakhala mmodzi mwa akonzi a Jewish Encyclopedia, ndipo anakhala ku America konko mpaka kumwalira ku Yonkers mu January 1916, ali ndi zaka 61.