Mbuzi yopanda mano akumwamba: kodi wogulitsa anandipusitsa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Likuni. Iwo anati: "Ndinagula mbuzi pamsika wa Mitundu, wogulitsa ati ndi msoti. Kufika kunyumba ndapeza kuti ilibe mano akutsogolo kumwamba, komanso yatupa kunsi kwa chibwano. Kodi anandigulitsa nkhalamba? Nanga ndiimwetse chiyani?"

Mayi, pa nkhani ya manoyi mtima ukhale m'malo. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zonse zilibe mano akutsogolo kumwamba, ndi chibadwa chawo. Pamalopo pali usinini wokhuthala, wolimba ngati chikopa, ndipo mbuzi imapana tsamba pakati pa usininiwo ndi mano akunsi n'kuthothola. Mbuzi yaikulu imakhala ndi mano 32, akutsogolo 8 onse kunsi, ndi 24 amkati obzikulira.

Mano 8 amenewo ndi amene angakuuzeni ngati wogulitsa ananena zoona. Itsitseni mlomo wakunsi ndi chala. Mukaona timano tating'ono tokhatokha, mbuziyo sinapitirire chaka. Mukaona awiri apakati aakulu, otambalala ngati makasu, kwinaku timano tating'ono tili m'mbali, ndiye kuti yangopitirira chaka chimodzi. Aakulu akakhala anayi ili cha m'zaka ziwiri, akakhala 6 cha m'zaka zitatu, ndipo onse 8 amakwanira ikamafika zaka zinayi. Nkhalamba yeniyeni mano ake amakhala operepeseka, otalikirana, ena ataguluka. Ine sinditulutsa ndalama pamsika ndisanatsegule mbuzi pakamwa, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi kutupako. Pakhudzeni. Ngati pali pofewa ngati muli madzi, pakati pa nsagwada ziwiri, nthawi zambiri ndi njoka zam'mimba zomwe zikuyamwa magazi, makamaka nyengo yadzinja. Tsitsani chikope chakunsi muone mkati mwake. Mbuzi yathanzi pamakhala pofiirira, pamene yotha magazi pamayera mbee. Koma ngati ndi chotupa cholimba, chobulungira, kunsi kwa khutu kapena pakona ya nsagwada, ameneyo akhoza kukhala mwanabere yemwe wachita mafinya. Musachiboole m'khola, chifukwa mafinya ena amapatsira mbuzi zinzake. Tinthu tiwiri tolendewera pakhosi tomwe mbuzi zina zimabadwa nato si matenda ayi.

Tsopano za kumwetsa mankhwala, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse, chifukwa ine ndinatayapo kamwana ka mbuzi m'manja mwanga momwe. M'khosi mumadutsa njira ziwiri. Mukasisita khosi kutsogolo mumva chinthu cholimba chamakwinyamakwinya, limenelo ndi kholingo, njira ya mpweya yopita kumapapo. Kuseri kwake, chakumanzere, kuli mmero wofewa wopita kumimba. Njira ziwirizi zimayambira malo amodzi kukhosi, ndipo chiweto chikamameza kholingo limatsekeka lokha. Ine ndinakweza kambuziko mutu mpaka mphuno kuloza kumwamba, n'kukhuthula botolo kamodzin'kamodzi kakulira. Kanatsamwa, kanayamba kutsokomola, ndipo patapita masiku ochepa kanafa ndi chibayo. Mankhwala anali abwinobwino, koma analowera kumapapo. Mpaka lero zimandipweteka.

Choncho mutu ukhale mmene mbuzi imaimira, chibwano chitakwera pang'ono chabe. Lowetsani sirinji yopanda singano m'mbali mwa kamwa, pampata wopanda mano womwe uli pakati pa mano akutsogolo ndi obzikulira, idutse pamwamba pa lilime. Thirani pang'onopang'ono, muziipatsa mpata womeza, ndipo lilime musalikoke. Ikayamba kutsokomola kapena kulira, siyani kaye.

Dzina la mankhwala sindikutchulirani dala. Muyezo wake umatengera kulemera kwa mbuziyo, ndipo kutupako kukufunika munthu woti akuone ndi maso. Itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu sabata ino, musadikire kuti mbuzi isiye kudya. Pakadali pano muipatule kwa zinzake, muipatse madzi oyera ndi masamba pamalo okwera, isamadyere pansi pomwe pali ndowe.