Goli la akapolo mu myuziyamu ku New York: kodi lamulo la zikwangwani lingakuthandizeni?

Mayi, m'kalata yanu mwafotokoza kuti mumagwira ntchito ku New York, ndipo mutalowa mu myuziyamu ina munaona goli la akapolo ndi ng'oma yakale. Kachikwangwani kake kanangonena kuti zinachokera kumadera a Nyanja ya Nyasa ndipo zinaperekedwa ndi banja la mmishonale wina. Mnzanu anakuuzani kuti kumeneko kuli lamulo lokakamiza amyuziyamu kulemba poyera ngati chinthu chinabedwa, ndiye mukufunsa ngati mungawasumire.

Lamulo limene mnzanuyo akunena lilipodi, koma ndi lopapatiza. Bwanamkubwa Kathy Hochul analisayina mu Ogasiti 2022, ndipo lili mu Education Law ya New York, gawo 233-aa. Limanena za zojambula ndi zosema zopangidwa chisanafike chaka cha 1945, zimene eni ake anaberedwa, kulandidwa kapena kukakamizidwa kugulitsa ku Ulaya mu ulamuliro wa chipani cha Nazi, kuyambira 1933 mpaka 1945. Goli lanulo silinachokere ku Ulaya, ndipo linachoka kwathu nthawi imeneyo isanafike. Komanso lamuloli silitchula chindapusa kwa myuziyamu imene yanyalanyaza, ndipo chikwangwani chikaikidwa katundu amakhalabe pomwe ali.

Mukamva zoti aphungu akufuna kuti lamuloli lifikirenso zinthu za nthawi ya ukapolo, funsani kaye kuti biluyo yafika pati. Ku Albany, likulu la boma la New York, bilu imayenera kudutsa mu nyumba ziwiri za malamulo, Senate ndi Assembly, kenako ipite kwa bwanamkubwa. Webusaiti ya Senate imaonetsa zonsezi kwaulere. Muwerengenso mawu ake mosamala. Ngati akunena za malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic okha, ambiri a kwathu atsala kunja, chifukwa anthu amene Jumbe ankawaolotsa ku Nkhotakota ankawatsitsira kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar.

Tsopano tibwere pa mawu oti kuba, chifukwa mlandu wanu wagona pamenepo. Kukhoti sikokwanira kunena kuti chinthu chinachoka kwathu pa nthawi ya nkhanza. Woweruza amafunsa kuti mwini wake anali ndani, ndipo chinamuchoka bwanji. Goli mwini wake anali wogulitsa anthu. Mu 1861 David Livingstone ndi anzake anamasula gulu la akapolo pamudzi wa Mbame, ndipo m'zaka zotsatira amishonale ankatenga magoli kupita nawo kwawo kukaonetsa anthu kuipa kwa malondawo. Ndiye mukanena kuti goli linabedwa, loya wa myuziyamu adzangofunsa kuti analibera yani. N'zopweteka kumva, koma ndi bwino muzimvere kwa ine kusiyana ndi kukazimvera m'khoti mutalipira kale ndalama. Ng'omayo ndiye ili ndi mpata. Ngati inali ya pabwalo la mfumu ndipo inatengedwa mudzi ukuotchedwa, pali banja kapena ufumu umene ungaime n'kunena kuti ndi yathu.

Apa malamulo a New York amakomera wodandaula kuposa madera ambiri. Wakuba sapatsa munthu umwini, ngakhale wogulayo atagula mosadziwa. Katundu akakhala m'manja mwa amene anamupeza mosadziwa kuti ndi wobedwa, zaka zitatu zosumira siziyamba tsiku limene anabedwa, zimayamba mwini akamupempha n'kukanizidwa. Khoti lalikulu la boma la New York linatsimikiza izi mu 1991 pa mlandu wa Guggenheim ndi Lubell. Koma pamlandu womwewo linasiya khomo lina lotsegula: woimbidwa mlandu akhoza kunena kuti eni ake anakhala chete nthawi yaitali mpaka mboni zinatha. Pa chinthu chimene chinachoka zaka zoposa 100 zapitazo, khomo limenelo ndi lalikulu. Muonenso kuti amene angasume ndi mwini kapena wolowa m'malo mwake. Kukhala Mmalawi kokha sikukupatsani mphamvu imeneyo.

Pangano la UNESCO la 1970, loletsa kuzembetsa zinthu zachikhalidwe pakati pa mayiko, musalidalire pankhaniyi. Siligwira ntchito pa zimene zinachitika lisanakhazikitsidwe.

N'chifukwa chake zambiri zimene zabwerera ku Africa sizinadzere kukhoti. Smithsonian, imene imayendetsa mamyuziyamu akuluakulu ku Washington, inakhazikitsa ndondomeko yake yobweza zinthu mu 2022, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inapereka kwa dziko la Nigeria zosula zamkuwa 29 za ufumu wa Benin, zochokera pa zimene asilikali a Britain analanda mu 1897. Chodabwitsa n'chakuti bungwe la Restitution Study Group, loimira zidzukulu za akapolo ku America, linapita kukhoti kukaletsa kubwezako. Linati mkuwawo unachokera ku zibangili zimene Azungu ankagulira makolo awo, choncho nawonso ali ndi gawo. Khoti silinaimitse mwambowo. Ndakuuzani izi kuti mudziwe kuti pa katundu wa ukapolo, onena kuti ndi wathu akhoza kukhala angapo. Dziko la France linachita kupanga lamulo lapadera mu 2020 kuti libweze zinthu 26 za ku Abomey, m'dziko la Benin, pomwe British Museum imabisala kumbuyo kwa lamulo la 1963 loiletsa kutulutsa katundu wake. Anzathu a ku Zambia akhala akupempha chibade cha ku Kabwe, chimene chinafukulidwa mu 1921 ndipo chili ku London, koma pempho lawo lakokakoka zaka zambiri.

Inuyo yambani ndi kalata, osati samani. Bwererani mukajambule zinthuzo ndi kachikwangwani kake, makamaka nambala imene myuziyamu inapatsa chinthu chilichonse pochilandira. Lemberani woyang'anira zinthu za ku Africa pamalopo, mutchule nambalayo, mupemphe mbiri yonse: anabweretsa ndani, chaka chanji, anachipeza motani. Pemphaninso kuti chikwangwanicho achilembenso, chinene kuti goli linali la ntchito yanji ndiponso linkavekedwa anthu a kuti. Zimenezi angathe kuchita popanda lamulo lowakakamiza. Koma m'kalatamo musalembe mawu olamula kuti abweze ng'omayo m'dzina la banja kapena mfumu musanaonane ndi loya wa ku New York, chifukwa akakana, zaka zitatu zija zayambika.

Akayankha n'kuoneka kuti ng'omayo inalandidwadi, tumizani mapepalawo ku nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala kuno kumudzi, ndiponso ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington. Pempho lochokera ku boma, mfumu yake itatsimikiza, amalilemekeza kuposa la munthu payekha. Zikaoneka kuti chinthucho chinazembetsedwa m'zaka za posachedwapa, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Ofesi ya woimira boma pamilandu ku Manhattan ili ndi nthambi yofufuza ozembetsa zinthu zakale, imene inakhazikitsidwa mu 2017, ndipo kukaitsina khutu simulipira kanthu.