Mukasochera m'phiri, musathamangire kutsatira mtsinje

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu akasochera m'phiri azingotsatira mtsinje mpaka ukamufikitse kwa anthu. Kuchigwa zimenezo zimatheka, koma m'phiri ine sindingakulangizeni. Madzi sasankha njira ngati munthu, amangogwera kulikonse, m'mathithi ndi m'zigwembe za miyala yoterera ndi ndere. Mukhoza kutsetsereka pamwala umodzi bwinobwino, n'kupeza kuti kutsogolo kuli phompho ndipo kukweranso mwala uja n'kosatheka. Kusokosera kwa madzi kumamezanso mawu a anthu okufunafunani, ndipo mvula ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene muli inupo sipanadonthe.

Ndiye mukazindikira kuti njira yakusowani, imani kaye. Khalani pansi, imwani madzi, mtima ukhale m'malo. Kumbukirani malo omaliza amene munali otsimikiza kuti muli panjira. Ngati ndi pafupi ndipo kukuwala, bwererani pang'onopang'ono mukuunjika timiyala m'mene mukudutsa. Ngati kwagwa nkhungu kapena dzuwa lapendeka, khalani pomwepo basi. Ofunafuna amayambira pamene munaonekera komaliza, choncho mukamayendabe mukungowatalikira.

Anthu ambiri amaopa njala ndi zilombo, koma chimene chimapha msanga ndi kuzizira. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, kuonjezerapo mphepo ndi zovala zonyowa ndi thukuta. Kutentha kwa thupi kukatsika kufika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera kwambiri, lilime limalemera, manja amakanika ngakhale kumanga batani. Choopsa n'chakuti nzeru nazo zimasokonekera, moti ena amafika povula zovala poganiza kuti atenthedwa. Choncho konzani pogona kusanade. Pezani potchinga mphepo, vulani chonyowa muvale chouma, phimbani mutu. Musakhale pamwala kapena padothi, chifukwa zimayamwa kutentha kwa thupi. Yalani udzu, masamba kapena chikwama. Ngati muli awiri, gundanani, manyazi asiyeni kaye.

Za foni: GPS, yomwe imasonyeza malo amene muli, imagwira ngakhale kulibe netiweki, bola mapu munawasungiratu m'fonimo. SMS nthawi zambiri imadutsa pamene kuimba kukukanika, ndiye tumizani manambala osonyeza malo amene muli, musangoti "ndasochera". M'mayiko ambiri 112 ndi nambala yoimbira pangozi. Kuzizira kumatha batire, choncho foniyo isungeni m'thumba lapafupi ndi thupi, zojambula zithunzi ziyambe zadikira.

Kukuwa kumatopetsa msanga, wenzulo ndiye amamveka patali. Imbani katatu, pumani pang'ono, bwerezaninso. Usiku chitani chimodzimodzi ndi tochi. Masana yalani nsalu yowala pamalo poyera.

Ndipo musananyamuke, uzani munthu wina njira imene mudzere ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerako, mugwirizanenso kuti ikadutsa nthawi yakuti aitane thandizo osadikiranso.