Lembani sewerolo, koma lilankhule ngati anthu a pagombe

Achemwali, mwafunsa ngati gulu lanu la zisudzo lingalembe za mipanda imene ikutseka njira zopita kunyanja, kapena muzingochita za ukhondo poopa kuti anthu azinena kuti mwalowa ndale. Ine ndikuti lembani, anzathu kunjaku anayamba kalekale.

Ku Kenya mu 1977, Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii analemba sewero lotchedwa Ngaahika Ndeenda pamodzi ndi anthu a m'mudzi wa Kamiriithu. Ndi nkhani ya mlimi wosauka amene kamunda kake kakumuchoka m'manja. Osewera anali alimi ndi antchito wamba, ngakhale bwalo anamanga okha. Ngugi wa Thiong'o anali atadzudzulapo kale atsogoleri m'mabuku a Chingerezi, osamangidwa. Koma atayankhula m'Chikikuyu, choti agogo akumudzi amve, boma linaletsa sewerolo, iye n'kukhala chaka chathunthu m'ndende ya Kamiti osazengedwa mlandu. Mfundo imeneyi muigwire zolimba. Mukakasewera ku Malindi kapena ku Makanjira, msodzi wanu adandaule m'Chiyao, mmene amadandaulira akamasoka khoka lake.

Chinanso, musalalikire. Ku South Africa mu 1972, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga Sizwe Banzi Is Dead. Osewera awiri basi. Munthu akufuna ntchito m'tauni koma chitupa chake sichikumulola, ndiye akutenga chitupa cha munthu wakufa n'kutaya dzina lake. Tsankho lonse lija la boma la azungu pa anthu akuda limaonekera pa kabuku kamodzi kameneko. Inunso pezani chinthu chimodzi chotero. Ine ndimaona mayi atasenza beseni m'mamawa, akuthamangira usipa pamene maboti akukocheza, n'kupeza njira imene ankadutsa ndi amayi ake yaikidwa geti, mlonda ali chilili. Mlondayo ndi mwana wa mlongo wake. Zimenezi zimandiwawa kuposa mawu aliwonse a pamsonkhano.

Za mantha ndikumvetsa. Nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1968, sewero linkayenera kudutsa kaye ku Censorship Board, bungwe la boma loloza kapena kuletsa zisudzo, n'chifukwa chake olemba athu ankabisa nkhani m'nthano ndi m'mbiri yakale. Komabe Du Chisiza Jr ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata ankadzaza maholo. Lero kuli bwinoko. Chachikulu musatchule dzina la munthu weniweni, loji kapena chipani. Amfumu amene anasaina malowo musawasandutse chilombo, aonetseni nawonso akuvutika mumtima, ndipo kawaitaneni adzaonere.

Mathero musawamange. Augusto Boal wa ku Brazil, amene anamangidwa mu 1971, ankaimitsa sewero pakatikati n'kuitana woonera kuti alowe m'malo mwa wozunzikayo, ayese njira yake. Mayi uja akafika pageti, imani pomwepo mufunse anthu kuti achite chiyani. Mukayamba zoyeserera mundiuze, ndidzabwera kudzaonera.